Nkhono ya m'Madzi Amchere

Amayi anga ndi nkhono sankamwerana madzi. Kudimba kwathu ku Pembamoyo, akaipeza pa lepu ankaithira mchere n'kuima pomwepo mpaka itasanduka thovu. Ndiye tsiku lomwe ndinawauza kudimbako, atangothira ina mchere, kuti kukoleji andisankha kukaphunzira za nkhono za m'nyanja yamchere ku Mozambiki, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Nkhono m'madzi amchere? Iwe, akunamiza. Kapena kuli mwamuna kumeneko?"

Kuseka kutatha, anandiuza mosapsatira kuti sindipita. Dziko limenelo anachokako pothawa nkhondo ine ndisanabadwe, ndipo alongo awo anathera m'njira. "Ife kumeneko timasungunuka chonchi," anatero akuloza thovu lija. Zinandiwawa kwambiri, koma popanda mawu awo sindikanakwera minibasi.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka paboma, pomwe netiweki imagwira, n'kubwerako ndi kanema wa kankhono ka m'nyanjako pafoni.

Kanyama kameneka ine ndimakagomera mpaka lero. Kukula kwake sikafika njere ya mtedza. Chigoba chake n'chopyapyala, choonekera mkati ngati khungu la anyezi. Phazi lomwe nkhono zathu zimakwawira, kwa iko linagawika pawiri n'kukhala mapiko, ndipo kamakupiza m'madzimo ngati gulugufe, moyo wake wonse osaponda pansi. Ngakhale mamina a nkhono aja, omwe amayi ankanyansidwa nawo, ali ndi ntchito: kamawatambasula ngati ukonde n'kukolera chakudya.

Amayi anaonera kudimba komweko atagwira foni patali, atakwinya nsidze. Kanemayo atatha anati ndibwereze.

"Nanga mcherewo sukapsereza bwanji?"

"Madzi a m'thupi mwake ndi amchere ngati nyanjayo, amama. Kwawo n'komweko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufuna kudziwa kuti m'thupi mwangamu muli madzi akuti. Anatola keni n'kupitiriza kuthirira.

Nkhono za kudimba sanazikhululukire ayi, amazithirabe mchere. Koma tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu atandisenzera chikwama, ndipo minibasi itaima anandifumbatitsa kaufa komanga pakansalu.

"Ukangowoloka malire upemphe adalaivala aime. Ukathire pansi pa mtengo uliwonse. Ukawauze amalume ako kuti ine ndinafika."