Mbale Imene Amalume Anabweza

Kamakina kaja kanali kotuwa, kokwana m'thumba la jekete, ndipo chivindikiro chake chinali chomangidwa ndi mphira wofiira chifukwa chinathyoka. Ukalembamo liwu la Chitchaina, kankakuonetsa mawu angapo a Chingerezi, kenako n'kuwatchula ndi liwu la mkazi lotulukira m'mphuno ngati wodwala chimfine. Ndinkadana nako. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'nyengo yanga yozizira yoyamba ku Glasgow, ndipo kamakinako kankakhala pa tebulo lathu la kukhitchini, pamalo penipeni pamene ndinkaika mabuku anga a kusukulu.

Mwini wake anali mayi wachikulire wa Chitchaina wa khomo loyang'anana ndi lathu, m'nyumba yosanja ku Maryhill. Anabwera kudzalera mdzukulu, poti mwana wake wamwamuna ndi mpongozi ankakhalira kuntchito. Ife tinkakhala mu fulati ya amalume, achimwene awo a amayi, amene anatiitanitsa bambo atamwalira. Amalume ankayendetsa basi, Lamlungu n'kukhala mkulu wa mpingo wa jekete lakuda. Dzuwa silinkalowa asanatikumbutse amene anatibweretsa kuno.

Ku Ntcheu amayi anali mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale. Ku Glasgow ankasambitsa nkhalamba kunyumba yosungira okalamba, ndipo panalibe amene anawafunsapo kuti kwanu munkagwira ntchito yanji. Manja awo, amene ndinawazolowera ali mbuu ndi choko, anayamba kung'ambika ndi mankhwala ochapira.

Zinayambira pa masitepe. M'nyumba zosanja za kumeneko masitepe amakolopedwa mosinthana, ndipo kakhadi kankapachikidwa pa chitseko cha amene yafika nthawi yake. Kakhadiko kanagona pa chitseko cha mayi uja mpaka masitepe anada bii ndi matope a nsapato. Tsiku lina mzungu wa m'munsi anakwera n'kuyamba kumenya chitseko ndi nkhonya. Mayiyo anatuluka ndi kamakina kake, akuyesa kulemba zimene akumva, koma kamakina sikathamanga ngati munthu wokwiya wa ku Glasgow. Amayi anatuluka ndi ndowa ndi chikolopa, n'kumupatsa mayiyo m'manja chimodzichimodzi, chilichonse akuchitchula dzina. Mayiyo anabwereza maina aja, ndipo mzungu anatsika akung'ung'udza.

Kuchokera pamenepo, Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo mayiyo ankabwera kwathu kudzaphunzira Chingerezi. Amayi akaweruka, kunja kutada kale, ankasita bulauzi yawo yobiriwira imene ankaphunzitsira ku Ntcheu, n'kuika makapu awiri pa tebulo. Vuto la mayiyo linali lakuti kamakina kankamupatsa mawu ambiri koma osamuuza loti anyamule popita kunja. Iye ankasankha lalitali kwambiri poganiza kuti ndilo laulemu, moti buledi ankagula ndi Chingerezi cha kukhoti. Amayi ankaloza mawuwo ndi chala, akulankhula pang'onopang'ono: ili n'la m'buku, lisiyeni m'bukumo, ili n'la kwa dokotala, ili mukalinena kwa woyendetsa basi akutsitsani. Mpando ankausandutsa basi, sinki n'kukhala golosale. Kapu ya shuga inkapita n'kubwera pakati pawo mpaka mayiyo atamvetsa liwu la wopempha ndi la wopereka.

Amayi akalowa m'khitchini, mayiyo ankaimirira, ngakhale anali wamkulu kwa iwo. Ankawaitana ndi liwu la kwawo lotanthauza mphunzitsi, ndipo tiyi ankayamba kuthirira iwo, atagwira ketulo ndi manja awiri. Pa nthawi imeneyo liwu la amayi linkasintha, linkamveka ngati kumbuyo kwawo kuli bolodi. Mlungu wonse ankatumidwa ndi anthu osadziwa n'komwe kutchula dzina lawo, kunyumba n'kukhala wongosungidwa m'fulati ya achimwene awo. Uphunzitsi wawo wonse unatsala pa tebulo limenelo basi, madzulo awiri pa mlungu.

Ine zimenezo sizinkandikhudza. Kusukulu aphunzitsi anandikhazika kumbuyo pamodzi ndi ana osadziwa Chingerezi asanandimve n'komwe ndikulankhula, ndipo anzanga ankandiyeseza katchulidwe pa nthawi yopuma. Ndinkafika kunyumba ndikufuna amayi anga, n'kupeza aperekedwa kwa wina. Ntchito ya kusukulu ndinkalembera pa bedi, nditafunda bulangete, kamakina kaja kakulira kuseri kwa khoma. Amayi akandiitana kuti ndikhale wogulitsa m'golosale yawo yabodzayo, ndinkabwera nditakwinya nkhope, n'kumayankha mofulumira dala. Ndinkapemphera kuti mabatire athe. Sindichita nazo manyazi, ndinali mwana ndipo ndinali ndi njala yanga.

Amalume ndiwo sindiwamvetsa mpaka lero, kapena ndinene kuti ndimawamvetsa kwambiri. "Matchaina atilanda malonda kumudzi, kuno atilandenso tebulo?" ankatero, akutsegula filiji mwaphokoso phunziro lili m'kati. Tsiku lina anaima pakhomo la khitchini n'kunena m'Chichewa, akumwetulira mlendoyo, "Achemwali, Chingerezi cha ku Ntcheu mukufuna mumuwononge nacho munthu?" Amayi anangopitiriza phunziro. Kwa ine ankangoti, kwa eni kulibe mkuwe. Tsopano ndakula, ndipo ndikudziwa kuti nkhani sinali ya Matchaina. Amalume ankakonda mlongo wawo akakhala woweramitsa mutu, wothokoza. Munthu wina kumuimirira mlongoyo, m'nyumba mwawo momwe, iwo akulowa popanda wowadzukira, zinkawabaya.

Chakumapeto kwa nyengo yozizirayo, pa chitseko cha mayi uja panamatidwa mapepala ofiira. Kwawo chinali chaka chatsopano. Linali Loweruka masana, amayi ali kuntchito, amalume ali pabalaza ndi akulu a mpingo anzawo akukambirana za tchalitchi. Kunamveka kugogoda, ine n'kutsegula. Mayiyo anaima atanyamula mbale yovindikira ndi kansalu koyera, ndi manja onse awiri. M'katimo munali timitanda ta ufa tokutira nyama, totentha, fungo la adyo ndi jinja lili guu m'masitepe monse. Ananena chiganizo chimene ankaoneka kuti wachiyeserera m'mawa wonse, chakuti chakudyachi n'cha aphunzitsi ake, ndipo akuthokoza. Anachinena bwinobwino, popanda kamakina, ndi mawu afupiafupi amene amayi akanasankha.

Amalume anatulukira kumbuyo kwanga. Analandira mbaleyo ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba, maso ali kwina, n'kukankha chitseko ndi phazi. Awa ndi amalume omwe aja anandimenyapo zala chifukwa cholandira kapu ndi dzanja limodzi, omwe aja ankakonda kulalikira kuti mlendo ndi mame. Anavundukula kansalu pamaso pa anzawo n'kuti, "Ndani akudziwa kuti ndi nyama ya chiyani imeneyi?" Akuluakulu a mpingo anaseka mpaka kupukuta misozi. Atapita, amalume anatenga mbale ija, chakudya chitazizira, palibe ndi kamodzi komwe kolawidwa, n'kukaiika pansi pakhomo la mayiyo, podutsa nsapato. Sanagogode.

Kwathu mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu, umaikamo ngakhale mtedza wa m'manja. Koma kubweza chakudya chosalawa ndiye kumuuza munthu kuti ukumukayikira, kuti m'mbale mwake muli zina. Amalume mwambo umenewu ankaudziwa kuposa tonse. Mwina ankaganiza kuti munthu wa ku China sangaumve. Anaumva, chifukwa chipongwe sichifuna womasulira. Ndipo poti mbaleyo anatumizira aphunzitsi ake, anaganiza kuti yankho lachokera kwa aphunzitsi akewo.

Amayi atabwera ndinawafotokozera zonse ndisanawalandire n'komwe chikwama. Sanakalipe. Anaima pabalaza jekete lili m'thupi, n'kunena chapansipansi, "Achimwene, mwandivula." Amalume sanachotse maso pa wailesi ya kanema. "Nyumba ino ndi yanga," anatero.

M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, amayi anakazinga mandasi, n'kuwaika m'mbale yathu ya alendo, n'kuwoloka kukagogoda. Anatsegula mwana wake wa mayiyo. Analankhula mwaulemu, ndi Chingerezi chosalala, kuti mayi ake atanganidwa ndi mdzukulu ndipo sadzativutitsanso. Amayi anapempha kuti aonane nawo okha, mnyamatayo n'kupepesa kuti akupuma. Ndipo ngakhale akanaonana, akanalankhulana ndi mawu ati? Anali ataphunzira za m'basi, za kwa dokotala, za m'golosale. Anali asanafike pa mawu onenera kuti si ine, ndi mchimwene wanga, ndimakhala m'nyumba mwake ndipo ndilibe kopita. Tikubwera kutchalitchi tinapeza mbale yathu pansi pakhomo pathu, mandasi ali momwemo. Amalume anawadyera tiyi, n'kuyamikira kuti akoma.

Kuyambira pamenepo mayiyo akakumana nafe pa masitepe ankayang'ana pansi n'kukanikiza thupi kukhoma kuti tidutse. Nthawi yake yokolopa ikafika ankakolopa bwino kwambiri, koma ankalekezera pakati penipeni pa makomo athu awiri. Madzulo ena, ndikadutsa, ndinkamva kamakina kaja kakutchula mawu ake ataliatali kuseri kwa chitseko.

Amalume pano ndi nkhalamba, amakhala ku Gorbals, ndipo ana a sukulu obwera kumene kuchokera ku Malawi amawatcha bambo wa tonse. Ndimapita kukawazonda, ndimawafunsa kuti mwadzuka bwanji, tiyi ndimawapatsa ndi manja awiri monga anandiphunzitsira. Koma sindinawakhululukire. Amayi anasambitsa nkhalamba mpaka msana unawakana, ndipo palibe anawaimiriranso polowa m'chipinda.

Lachiwiri lotsatira mbale ija, ndinayala mabuku anga pa tebulo lonse, kuchokera uku mpaka uko, mtima uli mbee. Amayi anasita bulauzi yobiriwira monga mwa nthawi zonse, n'kuivala. Anatereka ketulo, n'kuika makapu awiri pakati pa mabuku angawo. Anakhala moyang'ana kukhomo, ndipo nsapato zikamveka pa masitepe ankawongola msana, mpaka zitadutsa. Tiyi atayamba kuzizira anakankhira kapu yachiwiri ija kwa ine. Ndinathiramo shuga wambiri, osaletsedwa, n'kumwa ndikugwedeza miyendo pansi pa tebulo. Ndinkaganiza kuti amayi abwerera kwa ine, ndipo kapuyo anaikira ine.