Supuni Zitatu za Pilawu

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Kawale tinkadziwa kuti abambo afika tisanawaone. Thiraki yaitali imene ankayendetsa, ya kampani ina ya ku Kanengo, sinkatha kulowa m'timisewu tathu tokumbikakumbika, choncho ankaisiya kuntchito n'kubwera pa minibasi. Akangotsika, ana a pamsewu ankathamanga kudzandiuza kuti, "Tiya, abambo ako abwera, anyamula chikwama chofiira chija!" Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mlongo wanga Yohane anali asanayambe sukulu.

Abambo ankayenda maulendo akunja. Mwezi uno ku Beira, mwezi wamawa ku Dar es Salaam, nthawi zina mpaka ku Durban, ndipo ankatha milungu itatu kapena inayi osaoneka. Madalaivala anzawo ankabweretsera akazi awo zitenje ndi nsapato. Athu ankabweretsa zakudya. M'chikwama muja munkatuluka nyama youma yatsabola yofunika kutafuna mpaka nsagwada kuwawa, kokonati waubweya ngati mutu wa nyani, ndi buledi wolimba kunja koma wofewa mkati amene ankati ndi wa Apwitikizi. Amayi ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Anzanu akugula malata, inu mukugula zonunkhira." Koma ankanena akumwetulira, ndipo buledi uja ankayamba kunyema ndi iwowo.

Lamlungu tikabwera kutchalitchi, abambo ankavula jekete, kumanga chitenje cha amayi m'chiuno, n'kukhala pa mbaula pakhonde. M'dera lathu mwamuna wokwatira sankagwira poto. Azibambo odutsa ankaima pa mpanda n'kumafunsa ngati Nabanda, amayi angawo, sanawadyetse mankhwala. Abambo ankangoseka. "Pamsewu palibe mkazi wokuphikira, achimwene. Ukapanda kuphunzira, ufa ndi njala pa boda."

Akamaphika ankasimba. Ku Durban, ankatero, amatenga buledi wathunthu, kumuboola mkati, n'kuthiramo nyama ya msuzi wa tsabola, ndipo munthu umadya ndi mbale yomwe. Ku Beira chigwada chathu chomwechi amachiphika ndi nkhanu mumkaka wa kokonati. Ku Dar amakazinga tchipisi pamodzi ndi mazira n'kukupatsa kamtengo kotokosera m'mano m'malo mwa foloko. Mayiko amenewa ndinayamba kuwadziwa ndi mphuno ndisanawaone pa mapu a kusukulu. Tsiku lina aphunzitsi atafunsa chimene chimapezeka ku Beira, ndinakweza dzanja mwamphamvu n'kuyankha kuti nkhanu. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsiwo ankafuna ndinene doko.

Koma chakudya chawo cha pamtima chinali pilawu, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama mmene amachitira ku Dar. Zokometsera zake ankazisunga m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati: timakungwa tofiirira, timbewu tobiriwira, ndi tina takuda tooneka ngati timisomali timene ankati ndi karafuu. Akazikazinga ndi anyezi, fungo linkafika mpaka pa mpopi, ndipo ana a oyandikana nafe ankayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ati wamutuma kudzapempha moto. Abambo sankabweza mwana. Tinkadyera pansi, pamkeka, ndi manja, chifukwa ankati pilawu wodya ndi supuni sakoma.

Zinthu zinatembenuka Loweruka lina amayi akuchapa. M'thumba la mkati mwa jekete ya abambo anapezamo chithunzi. Panali mayi wina wovala mpango, atanyamula mwana wamwamuna, ndipo pambali pake panali abambo, atamanga chitenje m'chiuno, chipande chili m'manja, akuseka mmene ankasekera pakhonde pathu. Mwanayo anali ndi makutu a Yohane. Ine ndinachiona chifukwa ndinali pomwepo ndikuthira madzi m'beseni. Amayi sanakuwe. Anapukuta manja, kulowa m'nyumba, kutenga chitini chija, n'kupita nacho kuchimbudzi chokumba kuseri kwa nyumba. Ndinamva chikugwera pansi. Atatuluka anapitiriza kuchapa, ndipo jekete ija anaichapanso bwinobwino n'kuiyanika.

Zimene anakambirana ndi abambo sindinazimve. Ankhoswe anabwera kuchokera ku Dedza, kukhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, n'kubwerera. Ukwati sunathe, koma kuyambira pamenepo abambo sanakhalenso pa mbaula, ndipo amayi anatiuza ine ndi Yohane kuti m'nyumba mwawo safunanso kumva fungo limenelo. Maulendo anapitirira, koma chikwama chinkabwera ndi zovala zakuda zokha. Lamlungu lililonse tinkadya mwakachetechete, kumveka mbale zokha.

Chaka chotsatira abambo anayamba kutsokomola. Poyamba ankati ndi fumbi la pamsewu. Kenako, powonda, lamba wawo anamuboola ndi msomali kawiri, kenako kachitatu. Kuntchito anawauza kuti akayambe apuma, ndipo sanawaitanenso. Masiku amenewo matendawa anthu sankawatchula dzina. Pa mpopi azimayi ankangoti "zomwezi," n'kutsitsa mawu ine ndikafika ndi ndowa. Mnzanga wina wa kusukulu anasiya kumwera kapu imodzi ndi ine. Mankhwala tinkangomva kuti alipo kwa anthu olemera. Abambo, amene kale ankagubuduza okha tayala la thiraki, anafika pomagona pabalaza usana wonse chifukwa kuchipinda ankati mpweya ukuwathera. M'kamwa mwawo munatuluka zilonda zoyera, moti ngakhale phala linkawavuta kumeza. Amayi ankawasambitsa, kuwasintha zofunda, kuwatembenuza, koma kuyankhula nawo kunali kwa mawu awiri kapena atatu basi.

Tsiku lina mu Okutobala, malata akuthetheka ndi kutentha, ndinabwera kusukulu n'kupeza amayi ali kumsika kumene ankagulitsa tomato. Abambo anandikodola. Ndinagwada pafupi chifukwa mawu awo anali atatha.

"Tiya, ndikufuna ndilaweko pilawu. Ngakhale supuni imodzi."

"Amayi anakaniza, abambo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndikungopempha."

Ndinakhala pakhonde kwa nthawi ndithu. Amayi ndinkawaopa, ndipo ndinkadziwanso kuti sanalakwe. Koma ndinali nditaona mmene nthiti za abambo zinkaonekera pansi pa malaya. Pamapeto pake ndinapita kwa Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa ku Mangochi amene ankakhala kuseri kwathu, amuna awo ali telala pamsika. Ndinkadziwa kuti pa Idi kwawo kumachokera fungo longa lomwelo. Ndinawafotokozera ndikuyang'ana pansi. Sanafunse zambiri. Anandimangira zokometsera m'kapepala, kuwonjezera makapu awiri a mpunga ndi ntchafu ya nkhuku imene anasungira amuna awo, n'kundigwira paphewa.

"Amayi ako akakufunsa, unene kuti ndakupatsa ndine. Usawanamize."

Ndinakokera mbaula pakhomo penipeni kuti abambo aziona. Iwo ankalangiza ali chigonere, mawu ochepa, nthawi zina chala chokha. Anyezi afiire kaye, usathamange. Tsopano ponyamo timakungwato. Fungo litakwera anatseka maso n'kukoka mpweya, ndipo anatsokomola mpaka ndinachita mantha. Yohane anabwera kuchokera kosewera, miyendo ili mbuu, n'kukhala pansi pafupi ndi mbaula. Ndinathira mpunga, madzi ndinangoyerekeza, n'kuvundikira.

Amayi anaweruka msanga tsiku limenelo. Ndinawaona akukhota pa mpanda, dengu lili pamutu, ndipo ndinaona pamene fungo linawapeza, chifukwa anangoima pakati pa njira. Anatula dengu pang'onopang'ono.

"Wakutuma ndani?"

"Abambo anapempha. Zokometsera andipatsa ndi Abiti Saidi."

Anasuzumira m'nyumba. Abambo anayesa kudzuka koma zinakanika. "Nabanda, mwanayu musam'menye," anatero. "Wolakwa ndine."

"Zimenezo ndiye mwazidziwa liti?" anayankha amayi.

Ndinkadikira kuti amayi atenga poto n'kukakhuthula kudzala. Koma iwo anavundukula, kutapa pang'ono ndi chipande, n'kufinya mpungawo ndi zala.

"Wauwisi uwu. Munthu wa zilonda m'kamwa angameze zimenezi?"

Anandikankhira pambali, kuthira madzi otentha, kuchotsa makala ena pansi n'kuwasanjika pa chivundikiro, ndendende mmene abambo ankachitira. Zaka zonse zija ankakhala pambali akusankha nyemba ngati sakuyang'ana, koma anali ataona zonse.

Mpunga utapsa anaupota mpaka unafewa ngati phala, nyama n'kuinyenyanyenya. Anakhala pansi, kutsamiritsa mutu wa abambo pa ntchafu pawo, n'kuuzira supuni. Yoyamba inalowa. Abambo anaisunga m'kamwa nthawi yaitali, misozi ikuyenderera mpaka m'makutu. Kaya inali ya ululu wa zilonda, kaya ya china, sindikudziwa mpaka lero. Yachiwiri inalowa movutikira. Pa yachitatu anabweza zonse pa chitenje cha amayi.

"Pepani," ananong'ona abambo.

"Idyani," anatero amayi akupukuta. "Uko munaphunzira zimenezi palibe amene abwere kudzakupukutani."

Anayesanso, koma abambo anatembenuzira nkhope kukhoma. Pilawu wotsalayo amayi anatigawira ine ndi Yohane. Iwo sanalawe. Yohane anadya mpaka kunyambita mbale, pomwe ine ndinkameza ngati mchenga. Amayi sanandimenye. Madzulo ndinawaona ataima pa mpanda wa kuseri ndi Abiti Saidi, akuwapatsira tomato m'mbale. Nkhaniyo sanaitchulenso.

Abambo anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, m'mawa, amayi akuwasambitsa. Tinakawaika ku Dedza. Madalaivala anzawo atatu anabwera pa maliro, ndipo awiri mwa iwo makolala a malaya anali atawakulira m'khosi. Titabwerera ku Kawale amayi nawonso anayamba kudwaladwala, ine n'kuyamba kuphunzira kusambitsa munthu wamkulu. Koma iwo anachita mwayi. Mankhwala aja anafika m'zipatala zathu, aulere, iwo akadali ndi mphamvu zoyenda okha kukaima pamzere. Pakati pa maliro a abambo ndi botolo loyamba la amayi panangodutsa zaka ziwiri.

Lero ndatsala pang'ono kufika zaka zimene abambo anamwalira nazo. Ndimakhala ku Area 25 ndi ana anga awiri komanso amayi, amene tsopano mutu wonse ndi imvi. Lilongwe wasintha. Zakudya zimene kale munthu ankayenera kuwoloka maboda kuti azilawe zili paliponse. Anyamata a pa chiwaya amakazinga tchipisi ndi mazira, zokometsera zimagulitsidwa m'timapaketi pa okala, ndipo mwana wanga wamkazi amaphika zakudya za ku India ndi ku China akuonera pa foni, mayiko amene agogo ake sanapondeko. Matenda aja nawo tsopano amatchulidwa dzina, ndipo munthu amakatenga mankhwala ake m'mawa n'kubwerera kuntchito. Ndimathokoza, komabe pali masiku ena zimandipweteka kuti zinthu zinafewa chonchi ena atapita kale.

Mwezi watha mwana wangayo, ali mkati modula anyezi, anafunsa agogo ake kuti kodi agogo aamuna anali munthu wotani. Ndinasiya zimene ndinkachita kuti ndimve. Amayi anayang'ana manja awo.

"Ankadziwa kuphika," anatero.

Kenako anafunsa nthawi, n'kudzuka kukamwa mankhwala awo.