Ndinafufuta Ndekha Mawu a Bambo Anga

Amene anafufuta mawu a malemu bambo anga ndine. Sikunabwere wakuba, sikunabuke moto, ndi dzanja langa lomweli. Ndikulemba izi kuti wina asadzachite zopusa ngati zanga.

Bambo anali mphunzitsi wa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Kuyambira tili ana, Loweruka masana oimba ankadzaza pakhonde pathu ku Nkolokosa, ife tikuthamanga kukabwereka mipando kwa aneba. Bambo atapuma ntchito anagula laputopu yakale ku Limbe, n'kumaiika pampando pakati pa oimba kuti izijambula. Inkatola zonse: nyimbo, kutsokomola, oitanira minibasi kumsewu, ndi iwo akudzudzula amayi a alito kuti akuimba ngati sanadye. Kenako kuseka kwawo kuja, kokhala ngati galimoto yokana kulira. Abale, ndimakusowa kusekako.

Atamwalira, amayi anandipatsa laputopuyo chifukwa ndinali nditayamba maphunziro a makompyuta m'tauni. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisunge nyimbozo tidzazimvere tsiku lovundukula chiliza. Ndinavomera, koma zokopera pa flashi ndinkangoti mawa, mawa.

Kusukulu anatiuza kuti tiike Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows. Aphunzitsi anafotokoza kuti laputopu imodzi ikhoza kusunga Windows ndi Linux, ngati nyumba ya mabanja awiri, poyatsa n'kumasankha khomo lolowera. Ine ndi phuma langa sindinadikire kuti tichitire limodzi m'kalasi. Lamlungu nditachoka kutchalitchi ndinalowetsa flashi yoikira Linux, koma makina ankangoilambalala. Ndiye ndinalowa mu BIOS, malo amene makina amauzidwa choyamba kudzutsa ukangowayatsa. Ndinapeza mzere wolembedwa Legacy, n'kuusintha kukhala UEFI, monga ndinaonera pa vidiyo ina ya pafoni. Flashi inatseguka, ine n'kudziombera m'manja.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Pulogalamu yoikira Linux inanena kuti pamakinapo sikuona Windows. Ndinazula flashi n'kuyatsanso, sikirini ili bii. Ndinayesa kasanu konse, thukuta lili kamukamu.

Inu owerenga, kulakwa kwanga sikunali kusintha mzere uja ayi. Anali manyazi. Ine amene abale onse ankandiitana kuti injiniya, ndipite kwa munthu kukaulula kuti ndapha kompyuta ya bambo? Ndinadziuza kuti zapita basi, bola ndipulumutse makinawo. Ndinabwezera flashi, n'kusankha zofufuta disiki yonse kuti pakhale Linux yokha. Sizinatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi a tiyi.

Milungu itatu ndinakhala duu, ndikudzaza laputopuyo ndi mavidiyo a maphunziro. Amayi atayamba kukamba za tsiku la chiliza, ndinanyamula laputopuyo. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe kupita kwa bambo wina wokonza makompyuta kuseri kwa sitolo ya nsalu. Anamvetsera nkhani yonse, n'kuvula magalasi.

"Achemwali, Windows yanu inali bwinobwino. Inaikidwa mwa Legacy, ndiye mwa UEFI sikanaoneka. Mukanangobwezera mzere umodzi uja, ikanadzuka ndi nyimbo zonse."

Anawonjezera kuti ngakhale nditafufuta, ndikanabwera tsiku lomwelo akanapulumutsako zina, koma mavidiyo anga aja anali atalembedwa pamwamba pake. Anayesetsa masiku awiri, n'kungotola zidutswa zosatseguka. Ndinalira mu minibasi kuchokera ku Limbe mpaka ku Chichiri, kondakitala mpaka anasiya kundiyang'ana.

Amayi ndinawapeza akusita bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Ndinagwada n'kuwauza zonse. Bola akanandikalipira. Anangoimika simbi n'kufunsa kuti, "Ngakhale imodzi yokha, mwanangu?" Ndinati ngakhale imodzi. Anati ayamba kale kuiwala mmene bambo ankawatchulira dzina, ndipo ankadalira kuti adzalimvanso m'zojambulazo.

Chiliza tinavundukula. Kwaya inaimba bwino kwambiri, koma mawu amene tonse tinkawafuna panalibe.

Choncho inu amene mukufuna kuika Linux pambali pa Windows, ikani ndithu, palibe choipa. Koma musanakhudze BIOS, koperani zonse zamtengo wapatali kwina, lero lomwe. Lembani papepala mmene mwapezera mzere uliwonse musanausinthe. Sikirini ikada, si ndiye kuti zinthu zafa, bwezerani zomwe mwasintha. Zikakanika, zimitsani makina, nyamukani mukafunse odziwa, akusekeni ngati akufuna. Kusekedwa kumatha tsiku lomwelo. Ine mpaka lero, amayi akakumana ndi munthu wa kwaya yakale amamufunsa ngati anawajambulako bambo pafoni, ndipo ndimaima pambali pawo kudikira yankho lomwe ndikulidziwa kale.