Ndinatsina Tisa chifukwa cha mfuti

Chaka chimene mabasi a boma anatha n'kubwela a anthu wamba, mfuti ya amuna anga inaleka kulila. Nguluwe zinali kumaliza chimanga chathu ku Luembe ndipo iwo sakanachoka kumunda, ndiye anatuma ine kwa amalume awo ku Petauke, odziwa kukonza. Anati, "Ukauze kondakitala kuti ndi mfuti, ilibe zipolopolo. Laisensi nayi."

Koma ine mantha. Ndinaikulunga m'mphasa, ndipo kondakitala atafunsa ndinati, "Ndi mipini ya makasu, bambo." Anaiponya pamwamba pa basi pamodzi ndi nkhuku.

Titangopitilila Nyimba, apolisi anatiimika. Mmodzi anakwela pamwamba, ndipo ndinamva mphasa yanga ikukhwekhweleka pamutu panga penipeni. "Ya ndani iyi?"

Mwana wanga Tisa anali m'tulo pamiyendo. Ndinamutsina pantchafu. Analila mpaka basi yonse inatembenuka, ine n'kumati, "Malungo, tikuthamangila kuchipatala."

Amai ena pambali panga anatulutsa mutu pawindo. "Abwana, mwana afele pano chifukwa cha mphasa?" Wapolisi anatsika, tinanyamuka, laisensi ili phee m'kamisolo.

Amai ajatu sanandisiye. Anandipelekeza mpaka kuchipatala, atandinyamulila mphasa pamutu. Tisa, wopanda ngakhale chimfine, anamwetsedwa mankhwala owawa uku akundiyang'ana, ndipo maso amenewo ndimawaonabe mpaka lelo.

Koma mfuti inalilanso. Chimanga chinadzaza nkhokwe, tinadya nguluwe ziwili, ndipo chiwindi chonse ndinapatsa Tisa.