Mizere Khumi ya Joan

Ndathyola tiyi zaka zoposa makumi awiri pa esiteti ino, ndipo anthu ouma mitu ndawaona, koma ngati mayi Anesi ayi ndithu. Tinkakhala khoma limodzi kumakomboni, moti iwo akatsokomola ine ndinkamva. Anali mayi wamasiye wa ana aamuna okhaokha, wopemphera Sabata, wamfupi, wothyola ngati ali ndi manja anayi. Bodza ankadana nalo koopsa. Ukawafunsa ngati chitenje chatsopano chakukhala, ankakuuza zoona, iwe n'kubwerera kwanu utatupa.

Chaka cha 2003, mvula itangoyamba, mayi Anesi anachokera kutchalitchi ali ndi mtsikana wonyamula ndowa ndi chikwama cha mabuku. Dzina lake anali Joan, ndipo ankaphunzira unamwino pa koleji ya kufupi ndi mishoni. Malo ogona kukoleji anali atadzaza, ndiye ankakhala kwa azakhali ake. Azakhaliwo atamwalira, eni nyumba anakhoma loko. Makolo analibe. Masabata awiri mwanayo ankagona pa benchi m'tchalitchi, atatsamira mabuku.

"Mayi Anesi, mwapenga kodi?" ndinatero ine. "Nyumba za kampanizi n'za wantchito ndi ana ake basi. Mlendo ndi masiku atatu."

"Ndiye akagone kuti? M'tiyimu?" anandiyankha choncho, uku akuyala mphasa.

Panatha miyezi iwiri. Kenaka wina wakamwa kotentha anakaulula, ndipo si ine, ndikulumbira. Lachitatu masana kunabwera bambo Yesaya, kapitawo woyang'anira makomboni.

"Mayi, mtsikana uyu ndi mwana wanu?"

Ine ndili kumbuyo kwa akapitawo, diso kutsinzinira mpaka kuwawa. Ingovomerani, inu! Kombonitu yonse inali yodzaza ndi "ana" ena ofanana msinkhu ndi amayi awo, ndipo palibe ankafunsa kawiri.

"Lero si wanga," anatero mayi Anesi. "Mudzabwere Lolemba mudzafunsenso."

Ndinangogwira kumutu. Akapitawo anati Lolemba akadzamva yankho lomwelo, mtsikana atuluke, apo ayi atuluke onse awiri. Mayeso a Joan anali atatsala masabata atatu.

Loweruka mayi Anesi sanagwire kanthu, paja ndi Sabata. Lamlungu mamawa anandigogodera kuti ndiwaperekeze kwawo ku Kapichi, ndikakhale mboni. Kumeneko tinapeza mchimwene wawo, bambo Amosi, mwini mbumba. Kwathu kuno munda umatsata mwana wamkazi, ndipo aliyense amadziwa kuti amene wapatsidwa pake polima ndiye wapakhomo. Koma munda wa mayi Anesi, abale inu, unali ngati chikhatho. Tiyi anatenga malo onse, ife tinatsala ndi timinda ting'onoting'ono.

"Achemwali, mukadzapuma ntchito mudzadya chiyani?" anafunsa bambo Amosi. "Munthu simukumudziwa n'komwe kwawo."

"Achimwene, kwawo n'kumene ndabwera kudzamupatsaku."

Anakangana mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenaka mayi Anesi anavula masilipasi, analowa m'munda, n'kuwerenga mizere khumi kuyambira pa mtengo wa mapeyala. Pamalire anabzala tsinde la chinangwa. Bambo Amosi anapukusa mutu nthawi yaitali, koma pomaliza anatenga khasu lawo n'kupatsa Joan.

"Palira mzere umodzi tione, mphwanga."

Mwanayo anapalira mizere khumi yonse, misozi ili chuchuchu. Inenso ndinalira, ndisaname.

Lolemba akapitawo anabweradi.

"Ndi wanga," anatero mayi Anesi asanafunsidwe. "Atsibweni ake ndi a Amosi a ku Kapichi. Munda wake ukuyambira pa mtengo wa mapeyala. Pitani mukaone."

Bambo Yesaya anayang'ana matuza m'manja mwa Joan, anandiyang'ana ine, n'kuseka. "Akanakhala wina ndikanakaona," anatero, n'kumapita.

Joan anakhala m'nyumba imeneyo zaka ziwiri, anakhoza, n'kuyamba ntchito ku Blantyre. Mayi Anesi anapuma ntchito mu 2007, mawondo atawakana, ndipo anabwerera ku Kapichi kukadya za kamunda kotsala kaja. Sikanali kokwanira, tonse tinkaona.

Joan naye anaona. Tsiku lina anabwera ndi shuga ndi sopo, ine ndili pomwepo kocheza. Anagwada bwinobwino.

"Amayi, sukulu ndinamaliza, pokhala ndili napo. Mizere ija tengani, muzilima nokha."

Sindinawaonepo mayi Anesi atakwiya chonchija. Anaimirira ndi mawondo omwewo.

"Iwe Joan, ndinauza akapitawo kuti ndiwe mwana wanga. Lero ukufuna undisandutse wabodza?"

Joan anavula nsapato zake zoyera za kuchipatala, anamanga chitenje, n'kufunsa komwe kunali khasu.