Faustino Wavala Malaya a Wina

Fungo la dothi lonyowa la m'munda wa kachewere limandikumbutsabe chaka chimene tinathawira ku Ntengo-Wambalame. Tinachoka ku Chidzolomondo ine ndi amayi, nkhondo ili mkati, atate atatengedwa kudimba ndi anthu amfuti kuti akawasenzere katundu. Tinafikira kwa amalume, kumtunda kozizira kumene nkhungu inkachedwa kuchoka ndipo zidendene zinkang'ambika ming'alu.

Sukulu yathu inali zipupa zopanda denga. Aphunzitsi athu, a Dona Selestina, anali ndi buku limodzi lokha la Chipwitikizi, lopanda chikuto, lonunkha chinyezi. Linkanena za Faustino, woyendetsa sitima yapamtunda, ndi galu wake wa diso limodzi. Ankatiwerengera pang'onopang'ono akumasulira m'Chichewa, ife titapanikizana pa njerwa. Panalibe mmodzi mwa ife amene anaonapo sitima, koma Faustino tinkamudziwa ngati mnansi: ankapsa mtima msanga, ankaopa abakha, ndipo sankasiya munthu panjira. Tsoka lake, masamba akumapeto asilikali anali atapichirira fodya. Nkhani inathera pamene sitima inaima pamlatho wothyoka, galu akuuwa.

Ine ndinaipitiriza. Sindinachite kukonzekera. Tikukumba kachewere ndi Mateyu, mwana wa amalume, pakamwa panangotseguka. Faustino anawoloka mtsinje, galu ali paphewa. Mawa lake anafika ku Furancungo, kumene kulibe njanji, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Posakhalitsa ana a makomo ena anayamba kubwera kumunda kwathu, akunamizira kuthandiza. Ndinkangodzifunsa kuti apa Faustino angatani, yankho n'kubwera lokha.

Wovuta anali Mateyu. "Faustino salira," ankatero atagwira m'chiuno. "Ndiponso diso la galu lomwe linafa ndi lamanzere, osati lamanja." Ndinkamugenda ndi chibuma, koma ndinkakonza ndithu, poti ankanena zoona.

Mbiri inafika kwa a Dona Selestina. Tsiku lina poweruka anandipatsa pepala lodula ku thumba la simenti ndi kalapisi, kapensulo kotha, kofanana ndi chala chaching'ono.

"Rozina, ndamva kuti uli ndi pakamwa," anatero. "Undilembere nkhani yakoyako. Faustino umusiye, ali ndi mwini wake."

Ndinathamanga kupita kunyumba ndikuganiza kuti ndimaliza nyemba zisanapse. Ndinakhala pamtondo wogubuduzika kuseri kwa nkhokwe, pepala lili pabondo. Nyemba zinapsa, tinadya, pepala lili mbee. Munthu wanga akhale ndani? Dzina lake? Amakhala kuti, amaopa chiyani? Chilichonse chinkadikira ine. Ndinatafuna lapisi mpaka lilime linada. Ndinathamangitsa nkhuku zosalakwa. Mateyu ankasuzumira n'kufunsa kuti, "Kodi sitima ija ikadali pamlatho?"

Kenaka ndinachenjera. Ndinalemba za Fabiano, woyendetsa lole, ndi mphaka wake wa khutu limodzi. Zinayenda ngati kutsetsereka. A Dona Selestina anawerenga osaseka.

"Uyu ndi Faustino wavala malaya a wina. Tembenuza pepalalo, ukalembenso."

Ndinabwerera ndikupondetsa mapazi, ndikung'ung'udza njira yonse. Kodi cholakwika n'chiyani ndi malaya obwereka? Tonsefe tinkavala zobwereka chaka chimenecho. Ine ndemwe diresi langa linali la malemu mwana wa azakhali.

Ulendo wachitatu ndinayamba ndi mtsikana, Anjela, wa ku Chidzolomondo. Ndinamupatsa nyumba yokhala ndi chigafa cha fodya kuseri. Ndinamupatsa amayi odziwa kuphika thobwa. Ndinamupatsanso atate, amene anadzuka m'mamawa, khasu paphewa, n'kulowera kudimba. Pamenepo lapisi inaima.

M'nkhani zanga za kumunda, Faustino anali atapulumutsa kale anthu ambiri osenzetsedwa katundu. Ankawakweza m'sitima n'kukawatsitsa aliyense pakhomo pake, ana akuwomba m'manja. Koma atate a Anjela sindinathe kuwabweza kudimba kuja, ndiponso sindinathe kuwasiya komweko. Ndinakwiyira pepala kuti ndi lokhakhala. Ndinakwiyira lapisi kuti ndi yaifupi. Ndinafufuta ndi malovu mpaka pepala linabooka.

"Kodi pepalalo lakulakwira chiyani?" anafunsa amayi akupeta chimanga.

"Aphunzitsi aja ndi ankhanza," ndinayankha.

Amayi sindinawawerengere. Anali kuyang'anabe kunjira nthawi iliyonse galu akauwa.

Ndinakapereka nkhaniyo ili theka, ndi dzenje pakati. Ndinkayembekezera mkwapulo. A Dona Selestina anawerenga, kenaka anandibwezera.

"Iyi ndiyo yako. Usathamange nayo."

Zimenezi zinandikwiyitsa kuposa mkwapulo. Nkhani yotha bwinobwino anaikana, yobooka n'kuiyamikira! Madzulo ake ndinabwezera ukali wonse pa Faustino: ndinamulowetsa m'khola la abakha, ana anaseka mpaka kugwa m'mizere, ngakhale Mateyu sanapeze chotsutsa.

Mvula isanathe mfuti zinayandikira, tinawolokera ku Malawi. Pepala lija amayi anakulungiramo mchere. A Dona Selestina sindinaonanenso nawo. Atate anabwera nkhondo itatha, ali owonda, phazi limodzi likukoka, ndipo za kumene anali sanafotokozepo mpaka imfa yawo.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti aphunzitsi akungondipsera mtima, kapena kuti luso langa limathera pakamwa. Tsopano ndimaona kuti Faustino ndinamupeza ataumbidwa kale, ndipo chilichonse chomugwera chinali mlandu wa amene anamulemba. Ine ndinkangomubwereka. Anjela analibe wina womuyankhira koma ine, mwana amene sankadziwa ngati atate ake ali moyo.