Makaseti a ku Chiparamba

Anthu akamandifunsa chifukwa chimene sindinatsirizire digiri ya udokotala wa zamaphunziro, ndimangoti nthawi inachepa. Kufotokoza zonse kumanditopetsa.

Zinali zaka za m'ma 1990. Ndinkaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale ku Chipata, ndikukhala ku Nabvutika. Kuti yunivesite ina ya kunja indilandire, ndinapondaponda ku positi ofesi mpaka nsapato kutha. Atandilandira, aphunzitsi ondiyang'anira sanapite m'mbali. Anati ndijambule pa kaseti anthu omasulira maulaliki monga amachitira masiku onse, ndipo makasetiwo afike tchuthi chimene ndinapatsidwa kuntchito chisanathe. Apo ayi, malo anga apatsa wina.

Ine ndinkaona ngati n'zosavuta. Kwathu ku Chiparamba omasulira anali mbwee, ambiri a iwo aphunzitsi opuma pantchito, ndipo katswiri wawo anali atate anga. Mlaliki wochokera kunja akanena mawu awiri ouma, atate ankawathira mchere, kuponyapo mwambi, tchalitchi chonse n'kufa ndi phwete, kenako n'kungoti zii. Chimene ndinkafuna kufufuza chinali chimenecho basi.

Lamlungu loyamba ndinafika ndi wailesi ya kaseti m'chikwama, nditapempha kale abusa ndi omasulirawo mwakachetechete. Koma kwathu mlendo sakhala m'tchalitchi osalengezedwa, ndipo wolengeza anali atate. Anandiimiritsa, n'kuuza mpingo wonse kuti mwana wawo watumidwa ndi yunivesite kudzaona mmene omasulira akugwirira ntchito yawo. Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ine ndinakhalanso pampando wanga kumbuyo, chikwama pamiyendo.

Mphunzitsi aliyense amamudziwa munthu wobwera ndi chikwama n'kukhala kumbuyo. Ameneyo ndi insipekitala, ndipo insipekitala akabwera suphunzitsa monga masiku onse.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasokonekera. Omasulira anayamba kupempha ulaliki Lachisanu, kukaumasulira kunyumba ndi dikishonale, Lamlungu n'kudzawerenga papepala atamanga tayi. Miyambi kunalibe, nthabwala kunalibe. Tsiku lina mlaliki anasiya zimene analemba n'kuyamba kusimba za galu wake. Womasulira, maso ali papepala, anangopitiriza za Lazaro. Ndinalephera ngakhale kuseka.

Ndinawachonderera mmodzimmodzi kuti sindinabwere kudzayesa munthu. Ankagwedeza mutu mwaulemu, kunena kuti amva, koma m'maso mwawo ndinkaona kuti mawu amenewo insipekitala aliyense amanena. Ndinakwera lole ya thonje kupita ku mipingo ya cha ku Chipangali, fumbi mpaka m'mano, n'kupeza mbiri yanga inafika kale. Kumeneko anachita kundiikira mpando ndi tebulo kutsogolo. Ndinkabwerera ku Nabvutika msana ukuwawa, n'kukhala pamphasa kumvetsera makaseti odzaza ndi anthu owerenga. Ndinatopa, anthuni, kutopa kosathera pogona.

Atate ndinawasungira Lamlungu lomaliza. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti kaseti yawo imodzi yokha ingapulumutse ntchito yonse. Loweruka ndinawapeza pakhonde, magalasi pamphuno, dikishonale pamiyendo. Ndinagwada, ndinawapempha kuti mawa asiye pepala, alankhule monga ndinkawamvera ndili mwana. Anandiyang'ana modabwa. Anati zaka zonse zimene anagwira choko sanaimepo pamaso pa woyesa osakonzekera, ndiye angayambe lero, woyesayo ali mwana wawo, azungu a ku yunivesite akumvetsera? Ndinakwiya, koma atate sakalipiridwa.

M'mawa mwake anawerenga. Mawu aliwonse anali m'malo mwake, ndipo theka la mpingo linkawodzera. Kaseti inkazungulira, ine ndikuyang'ana pansi.

Pobwerera kunyumba tinkayenda awiri, iwo akukankha njinga. Titadutsa munda wa nsawa wa abusa, anakonza kukhosi.

"Nanga mwana wanga, ndakhoza?"

"Mwakhoza, atate."

Makasetiwo ndinatumiza ndithu. Yankho linali laulemu, koma lalifupi: munalibe chofufuza. Tchuthi chinatha, ndinabwerera m'kalasi kukatola choko. Atate sindinawauze. Mpaka tsiku la imfa yawo ankauza alendo onse obwera pakhomo kuti yunivesite ya kunja inawayesa, ndipo sinapeze cholakwa ngakhale chimodzi.